Likhweru Losachokera ku Dzuwa

Nkhaniyi si yopeka. Felizarda analipo, ndipo mlongo wake Valdemar mukamufunsa sakana, amangowerama.

Valdemar amaphunzitsa fizika ku Furancungo. Anzake a ku Maputo anamutumizira kabokosi komvera mafunde a mumlengalenga. Dzuwa likalavula mphepo yake yamoto, mafundewo amamveka m'mahedifoni ngati malikhweru, ndipo akachuluka akatswiri amachenjeza kuti mawailesi ndi GPS zisokonekera. Kabokosiko kamadana ndi mawaya a magetsi, choncho mkuluyu anakumbukira kwawo ku Chidzolomondo, kumene anali asanapondeko zaka zisanu ndi ziwiri. Ngakhale maliro a bambo ake anangowamvera pafoni, ati mayeso anachuluka.

Atafika kumudzi, m'bandakucha analowa m'nkhalango ya kumanda osapempha kwa aliyense, poti wophunzira saopa mitengo. Anapeza kachulu kofewa komera udzu, nakhomapo chitsulo cha waya wake.

Malikhweru anabweradi, pyooo, pyooo. Iye anamwetulira.

Kenako mbalame zonse zinangoti zii. Kunamveka fungo la fodya wa chingambwe. M'makutu munalowa likhweru lina. Kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Umo ndi mmene bambo ake ankamuitanira kubusa.

Felizarda anali atamulondola. Anaima potero, nanong'ona.

"Achimwene, chitsulocho mwakhoma pati?"

"Pa chulu."

"Si chulu. Apo ndi pamutu pa ababa."

Manyazi anamugwira Valdemar. Mwana woyamba, wosadziwa pomwe anagona bambo ake! Anapereka mahedifoni kwa mlongo wakeyo. Felizarda anamvetsera, nagwada.

"Akukuitanani. Vomerani."

Valdemar anavalanso mahedifoni, nayasama. Mawu sanatuluke. Likhweru linabwerezanso kamodzi. Basi.

Zomwe anajambula anazitumiza ku Maputo. Yankho linati zonse ndi mafunde enieni, kupatula likhweru limodzi, lomwe ndi la munthu. Anzakewo anafunsa kuti linalowamo bwanji, poti kabokosiko kalibe maikolofoni.

Valdemar anabwerera kumudzi, anapepesa kwa akuluakulu, analambula manda ndi khasu lake, namanga chiliza. Tsopano anzake akangomuuza kuti dzuwa lavuta, amakwera njinga yamoto kukakhala kunja kwa nkhalango ija, mahedifoni kumutu, "Wawa ababa" ali kale pamilomo.

Malikhweru a dzuwa amabwera. Lija silinamvekenso.