Amene Ankasamba M'kalavani

M'mawa wa tsiku lachiwiri ali pa msasa wa alendo ogona m'matenti ndi m'makalavani kumapiri a Khao Kho, Aphunzitsi Bunlert anatsegula mpope kuti atereke madzi a khofi, koma mpopewo unangotsokomola, n'kulavula timadontho tiwiri, basi. Thanki ya kunsi kwa kalavani anali ataidzaza okha dzulo lake mpaka kusefukira. Nkhalamba ziwiri, iwo ndi akazi awo, zomwe zinangotsuka mbale n'kusukusula kumaso sizikanamaliza madzi onsewo.

Kalavaniyo anaigula atapuma ntchito, yakale ndithu koma yosamalika. Munali bedi, pophikira, ndi kabafa kongokwana munthu mmodzi. Loweruka lililonse ankayeza mpweya m'matayala, kupaka girisi pokokera, ndi kumata timing'alu ta padenga. Akazi awo, Mayi Saowanee, anali atayamba kuiwalaiwala, lero dzina la mnansi, mawa njira ya kumsika, ndipo bambowo ankakhulupirira kuti mphepo ya kumapiri iwatsitsimula mutu.

Anakwawira kunsi kwa kalavani ndi tochi. Dothi linali louma gwa. Anaitana Thawee, makaniko wa m'tauni ya m'munsi mwa phiri, yemwe kale anali mwana wawo wasukulu.

"Aphunzitsi, paipi iliyonse ndaisisita ngati ndikuifunsira," anatero Thawee akupukuta manja. "Palibe podontha. Kapena mwayamba kusamba kasanu usiku umodzi? Mwapeza kachitsikana kumatenti uko?"

"Pakamwa pakopo, Thawee. M'kalasi unali wolongolola, mpaka pano sunachire."

Thawee anaseka, kenako anasiya. "Pampu iyi siilira yokha. Ikalira ndiye kuti munthu watsegula mpope. Mutchere khutu usiku. Koma vuto lenileni lili apa: tayala lakumanzereli likugwedera, chitsulo cham'kati chadyeka. Simungatsike nalo phiri. Ndilichotsa, chatsopano chifika pakatha masiku atatu."

Anapita nalo tayalalo, kalavani n'kutsala itakhalira pa jeke. Aphunzitsi anadzazanso thanki.

Usiku umenewo chifunga chinakwera kuchokera m'chigwa n'kumeza nyali zonse za pamsasa. Nalimata wina analira kasanu ndi kawiri kudenga la zimbudzi, n'kukhala chete. Aphunzitsi anali atamwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo tulo tinawakoka ngati matope. Ali pakati pa tulo ndi maso anamva pampu ikung'ung'udza kunsi kwa bedi. Kenako madzi, osati odontha ayi, koma othiridwa mwadala, pang'onopang'ono, ngati munthu akutunga ndi kapu n'kumatsanulira pa chinthu chofewa. Pansi pa phokosolo panali kanyimbo kotsekera pakamwa. Anafuna kudzuka, thupi linakana. Kutacha, thanki inali itauma, ndipo m'kabafa munali monyowa, mukununkhira sopo.

"Amayi, munadzuka usiku?"

"Ine? Ndidzukirenji kuzizira konseku?" Mayi Saowanee anayankha akuumba mpunga womata m'manja. Nsonga za zala zawo zinali zokwinyika ndi zotuwa.

Mwini msasa, Mayi Lamduan, anawapeza pa mpope waukulu akudzazanso thanki. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, a m'tenti yobiriwira aja achoka m'mamawa. Akuti anamva kuimba. Ena akuti makalavani akalewa amachokera kumadera a madzi osefukira, amangowapenta. Mukudziwa amene anagonamo kale?"

"Ndinagula kwa munthu wamoyo ndi wonenepa, Mayi Lamduan."

"Chabwino. Koma musandiletse."

Madzulo anapeza lubani akufuka pa chitsulo chokokera, pambali pake botolo la chakumwa chofiira lotsegula, nsembe ya Mayi Lamduan kwa mizimu.

Usiku wotsatira sanamwe mankhwala. Anagona chagada, tochi ili m'manja, akumvetsera mame akudontha kuchokera mu mtengo n'kumagogoda padenga. Mwina anasinza pang'ono, pakuti pamene pampu inayamba, mbali ya akazi awo inali itazizira kale. Anatsika pabedi, naponda katatu kokha kufika pa kabafa. Anakoka chitseko.

Mayi Saowanee anali atagwada mumdima, zovala zitanyowa mpaka m'chiuno. Patsogolo pawo panali beseni lotsukira mbale. Dzanja lamanzere linali litachirikiza kanthu kosaoneka, ngati kamsana, ndipo lamanja linkapaka sopo m'malere, mozungulira, mosamala, kenako n'kutunga madzi n'kutsanulira.

"Tsekani chitseko, bambo," ananong'ona osacheuka. "Kaew azizidwa."

Kaew anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anamwalira ndi matenda otentha thupi ali ndi zaka zitatu, ndipo panali patapita zaka makumi anayi dzina limenelo lisakutchulidwa m'nyumba mwawo.

Aphunzitsi anakhala pansi pomwepo. Mantha anachoka, koma chimene chinalowa m'malo mwake chinali cholemera kuposa mantha. Anadikira mpaka madzi atatha, akazi awo atapukuta kanthu kaja ndi thaulo. Kenako anawasintha zovala ngati mwana, n'kuwagoneka.

Kutacha anaimbira adokotala. Adokotala anamvetsera moleza mtima, n'kunena kuti matendawa amatero, amabweza munthu kuzaka zakale, ndipo palibe mankhwala obwezeretsa. Anangoti awayang'anire asagwe. Anaimbira Thawee, Thawee anati chitsulo sichinafike. Anapempha Mayi Lamduan kachipinda, anawapatsa ndi mtima wonse, koma Mayi Saowanee atamva zochoka m'kalavani anakakamira chitseko ndi manja onse awiri, akulira mokweza mpaka anthu anatuluka m'matenti.

"Ndimusiye yekha kachiwiri? Munandiuza kuti ndipite kunyumba ndikagone, mumuyang'anira ndinu. Ndinapita. Pano mukufuna ndipitenso?"

Zinali zoona. Usiku womaliza uja kuchipatala, bambowo ndi amene anawauza kuti apite akapume.

Choncho anachita zimene manja awo ankadziwa. Anatsegula kunsi kwa thanki, madzi onse n'kutayikira m'dothi iwo akuona. Anamasula waya wa pampu ku batire, n'kuukulunga ndi tepi. Pogona anatenga nsalu yawo yosambira, namanga dzanja lawo lamanja ku dzanja lamanzere la akazi awo, mfundo ziwiri.

"Mukundimanga ngati njati yolimira," anatero Mayi Saowanee, akuseka pang'ono.

"Ndikuopa mungandithawe, mupite kwa Thawee."

Chifunga chinabweranso, chokhuthala kuposa masiku onse. Kunalibe chule, kunalibe galimoto kumsewu, ngakhale mame anasiya kugogoda. Aphunzitsi anali maso, akumva kugunda kwa mtsempha wa akazi awo kudzera mu nsalu ija.

Pampu inalira.

Anaimva m'msana, ikunjenjemeretsa matabwa a bedi. Kenako madzi anayamba kuthirika m'kabafa, ambiri, osasamala, akumenya khoma ndi chitseko. Anafinya dzanja lomwe linali m'dzanja lawo. Linali pomwepo, lofunda, louma. Anatembenuza mutu. Mumdimamo anaona maso a akazi awo ali otsegula, akuyang'ana kudenga.

"Musadzuke, bambo," ananong'ona Mayi Saowanee. "Wakula. Akusamba yekha tsopano."

Aphunzitsi anayesa kukumbukira pemphero la kukachisi, mawu onse anabalalika. Anaganiza zokuwa, koma akuwire ndani, ndipo akafika awauze kuti chiyani? Anangogona, nsalu ikuwakoka padzanja.

Madzi anasiya. Panapita kanthawi. Kachitsulo kotsekera chitseko cha bafa kanalira kamodzi, ndipo kalavani, yomwe inali itakhalira pa jeke, inapendekeka pang'ono ngati mmene imachitira munthu akaponda. Phazi lonyowa linamata pansi n'kumatuka. Lina. Fungo la sopo linafika pabedi, pamodzi ndi kuzizira kwa thupi longochoka m'madzi.

Mayi Saowanee anatukula bulangete ndi dzanja lawo losamangidwa.

"Sunthani pang'ono, bambo," anatero. "Malo achepa."

Aphunzitsi Bunlert anatseka maso, nasunthira kukhoma.