Nthutumba ya kwa Rabeca

Pa Entre Lagos palibe amene amabwera kudzakhala. Sitima imadutsa. Ma shapa, maminibasi a ku Mozambique kuno, amadutsa. Ngakhale mphepo imangodutsa ndi fumbi lake.

Violeta naye ankadutsa. Anali mtsikana wa ku Liwonde, wogulitsa zitenje mu msika. Nthawi ndi nthawi ankawoloka malire kukaoda makapulana, zitenje za ku Mozambique, ku Cuamba. Tsiku limenelo shapa inamusiya. Anaima pa siteji, dzuwa lili paliwombo, njala ikumupotokola.

"Mwana wa yani uyu akuuma padzuwa ngati chinangwa choyanika?"

Anacheuka. Mnyamata wamtali. Malaya oyera, osita bwino.

"Chinangwa ndinu," anayankha Violeta.

"Ndine Edgar. Amalonda onse odutsa pano ndimawalandira ndine. Wofuna galimoto, wofuna omunyamulira katundu, wofuna podyera. Inuyo mukufuna podyera. Maso anu anena kale."

Violeta anaseka. Akanadziwa!

Anadutsa baraka, malo odyera a nyimbo zaphokoso. "Umo msuzi amathira madzi," anatero Edgar. Anadutsa ina pafupi ndi siteshoni. "Umo nyama yake ndi ya dzana." Kenako anakhota, nalowa kanjira kopapatiza kuseri kwa masitolo. Kumapeto kwake kunali nyumba ya chitseko chobiriwira. Panalibe chikwangwani.

"Kwa Rabeca," anatero Edgar. "Mlendo amene ndamulemekeza ndimabwera naye kuno."

Mkati munali matebulo atatu ndi katani yofiira yotchinga kukhitchini. Kataniyo inagwedezeka. Munatuluka mayi wochepa thupi, wamaso aakulu osaphethira.

"Dona Rabeca, mlendo wanga uyu. Dona Violeta, a ku Malawi."

"Takulandirani," anatero Rabeca. Sanamwetulire.

Anabweretsa jagi ndi beseni. Anamusambitsa Violeta m'manja ataimirira. Atafika pa Edgar, anagwada. Kenako mbale ziwiri: mpunga, nkhuku ya chikuda, tsabola pambali. Pa mbale ya Edgar panali nthutumba.

"Muli ndi mwayi," anatero Violeta. "Nkhuku yonse nthutumba ndi imodzi."

"Ndine kasitomala wakale," anatero Edgar, uku akutafuna.

Asanafike n'komwe ku Cuamba, foni ya Violeta inalira. Uthenga wa Edgar.

"Duwa la ku Liwonde, chichokereni iwe pano pasanduka pamanda. Ubwerera liti?"

Anawerenga. Anawerenganso. Mtima unadumpha ngati wa mwana!

Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse unkadzera kwa Rabeca. Tebulo lomwelo la pakona. Nkhuku yomweyo. Koma Edgar anaika lamulo.

"Muno usanditchule kuti wokondedwa. Usandigwire dzanja. Anthu a kuno ndi a mwambo, angakuyese mkazi wachabe."

Violeta anaona ngati ndi ulemu. Ndi mnyamata uti masiku ano amasamala mbiri ya mtsikana chonchi?

Choncho pakamwa ankati "Dona Violeta" ndi "Bambo Edgar", n'kumakamba za mitengo ya kapulana. Chikondi chinkadzera pansi pa tebulo, pa foni.

"Ukamaseka ndimaiwala dzina langa."

"Siya, mpunga unditsamwa!"

"Utsamwe, ndikupulumutse, uchi wanga."

Violeta ankaseka chobisa. Kuseri kwa katani mpeni unkalira pathabwa. Kho! Kho! Kho! Akangoseka, mpeniwo unkaleka. Zii. Kenako unkayambanso.

Tsiku lina akumuperekeza ku malire, Edgar anaima pansi pa mtengo wa mango, namuyang'ana m'maso.

"Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu. Mvula ikangotha ndikukwatira. Sudzasenzanso katundu pamutu. Udzakhala kuno, pambali panga."

"Edgar, usasewere ndi mtima wanga."

"Ndikanama, sitima indiponde."

Violeta anakhulupirira. Anauza mayi ake. Benchi lake la mu msika analipereka kwa msuweni wake, poti anali kusamuka. Anapita mpaka ku Limbe kukasankha chitenje chobiriwira cha mbalame zoyera, mtundu umene sunkapezeka ku Mozambique.

"Ukawapatse amayi ako," anatero Violeta pomupatsa Edgar. "Uwauze kuti n'chochokera kwa mpongozi wawo."

Kunyumba kwa Edgar sanafikeko. Akafunsa, yankho linali lomwelo: kachipinda ka lendi, eni ake ovuta, dikira ndimalize nyumba yathu.

Masana ena Edgar anatuluka kukayankha foni. Rabeca anabwera kudzatola mbale. Anaima pafupi kwambiri.

"Mumabwera kawirikawiri, Dona."

"Chakudya chanu n'chokoma."

"Alendo a bambowa onse amatero." Anapukuta tebulo pang'onopang'ono. "Kenako sitiwaonanso."

Violeta anasunga mawuwo. Panjira anafunsa Edgar.

"Aaa, musiye uja," anaseka Edgar. "Mwamuna wake ndi woyendayenda. Mkwiyo wake amaphwetsera aliyense."

Mvula inatha. Mayi ake a Violeta ananenetsa: malume akamuone kaye munthuyo. Malumewo anali a Tobiasi, mlongo wa mayi ake. Iwo anabwerera ku Mozambique nkhondo itatha, ndipo ankalima ku Chiuta. Munthu wanthabwala, wa mawu osanong'ona.

Violeta analemba uthenga. "Wokondedwa, malume akubwera Loweruka! Tikawadyetse pamalo pathu paja."

Yankho linachedwa. Edgar sankachedwa kuyankha.

"Osati kwa Rabeca. Akudwala, watseka. Mundidikire pa siteshoni."

Loweruka a Tobiasi anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu. Anadikira pa siteshoni. Edgar osaoneka.

"Iwe mwana, ine m'mimba mwayamba kuimba kwaya," anatero a Tobiasi. "Mkamwini wathuyo tidya dzina lake?"

Violeta anaganiza zongosuzumira kanjira kaja. Chitseko chobiriwira chinali chotsegula. Fungo la nkhuku linawalonjera panja pomwe.

"Wachira!" anatero mokondwa. Analemba msanga: "Tili kwa Rabeca, watsegula. Fulumira!"

Sipanatenge nthawi. Edgar analowa ali wefuwefu. Malaya oyera aja anali atanyowa kumsana. Anagwira dzanja la a Tobiasi ndi manja awiri, koma maso ake anali pa katani.

"Ndiye ndinu amene mukufuna kutilanda mwanayu?" anafunsa a Tobiasi, mawu ali pamwamba.

"Malume, tidye kaye. Nkhani tikakambire kwina."

"Kwina kuti? Nkhani ya ukwati ine sindinong'ona!"

Kukhitchini mpeni unaleka.

Katani inatseguka. Rabeca anatuluka ndi jagi ndi beseni. M'chiuno anali atamanga chitenje chobiriwira. Cha mbalame zoyera.

Violeta anachiyang'anitsitsa. Mwina anagula chake? Koma akanachigula kuti?

Rabeca anagwadira a Tobiasi, nawasambitsa. Anagwadira Edgar. Atafika pa Violeta anaimirira. Kenako anabweretsa mbale zitatu, naziika mosaphokosera, n'kuima chapatali manja ali kumbuyo.

A Tobiasi anafufuza mu mbale yawo ndi chala. Anatembenuza ntchafu. Anasuzumira pansi pa phiko.

"Mayi, kodi nkhuku za pa Entre Lagos zimabadwa zopanda nthutumba?" Anaseka okha. Kenako anaiona pa mbale ya Edgar. "Iyo! Taonani! Ine ndapalasa njinga kuchokera ku Chiuta, imvi zili mbuu, mlendo ndine. Kwathu nthutumba ikaphonya mlendo ndiye kuti yapita kwa mwini nyumba. Nanga mnyamatayu ndi ndani muno?"

Ankangocheza. Koma palibe anaseka.

"Mwafunsa bwino, bambo," anatero Rabeca. Mawu ake anali ofatsa. "Ndi mwini nyumba. Ankhoswe athu alipo. Chipinda chathu ndi icho, kuseri kwa khitchini."

Ntchentche inatera pa mpunga wa Violeta. Sanaiingitse.

"Edgar?" Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Edgar, akunama eti? Nena kuti akunama!"

Edgar anayang'ana mbale yake.

"Chitenjecho..." anatero Violeta.

"Anandipatsa ndi iwowa," anayankha Rabeca. "Akuti mlendo wina wayamikira chakudya."

Misozi inayamba kugwa. Benchi lake la mu msika! Mayi ake amene anali atauza kale mpingo wonse! Akabwerera ku Liwonde akanena chiyani?

"Bwanji simunandiuze, mayi? Miyezi yonseyi mukundiona!"

"Atsikana oyamba aja ndinkawauza ndi pakamwa. Ankanditukwana kuti ndine wansanje. Iwowa amawabweretsa muno dala, kuti anthu aziti ndi alendo a ntchito, nanga munthu angabwere ndi chibwenzi kwa mkazi wake?" Rabeca anamuyang'ana, osaphethira. "Inu ndinkakuuzani ndi mbale, mchemwali. Ulendo uliwonse. Simunamve."

Foni ya Violeta inanjenjemera patebulo. Anaitenga. Uthenga wa Edgar. Anaulemba pomwepo, dzanja lili pansi pa tebulo, mkazi wake ataima pambali.

"Duwa langa, usamumvere. Ndimakonda iwe wekha."

Violeta anaimirira. Anatembenuza foniyo kuti onse aone. A Tobiasi anawerenga. Rabeca sanavutike n'kuyang'ana komwe.

A Tobiasi anatenga chipewa chawo. Nthabwala zinali zitawathera.

"Tiye, mwana wanga. Muno sitidya."

Anatuluka. Dzuwa linawamenya kumaso. Violeta ankayembekezabe kumva mapazi akumuthamangira, kumva dzina lake. Ngakhale kamodzi kokha!

Mapazi sanamveke. Chimene chinamveka kudzera pa chitseko chobiriwira chija ndi mawu a Rabeca, ofatsa ngati kale.

"Idyani, bambo. Nthutumba ikuzizira."