Mphindi Imene Ometa Anatsala Nayo

Zimene ndikufotokozazi zinachitika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo sindinali ndekha. Amalume anga analipo, akazi a malemu Ometa analiponso. Onse awiri akadali moyo, mukhoza kukawafunsa. Ine ntchito yanga ndi yojambula mawu a mafilimu, ndipo makutu angawa sanandinamizepo.

Amalume atapuma pa ntchito anaganiza zopanga filimu yawoyawo, yoopsa koma yoseketsa, ya nkhalamba zozemba imfa. M'filimumo Imfa imabwera ngati kalaliki wotopa, fayilo ili kukhwapa, ndipo nkhalambazo zimadaya imvi, kubisa ndodo, kunama zaka. Mtsogoleri wa nkhalambazo anali bambo wina wometa tsitsi, tonse tinkangoti Ometa. Anali asanasewerepo filimu chibadwire, koma akangotsegula pakamwa tinkagwira nthiti. M'gawo lomaliza amagona m'bokosi la maliro, kunamizira kufa kuti Imfa iwadutse. Imfayo ikamatuluka, iwo amadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mutsekeko chitsekocho, kukulowa mphepo."

Pa ntchito yathuyi pali lamulo. Tikamaliza kujambula m'chipinda, aliyense amaima pomwe ali, osatsokomola, osasuntha phazi, ine n'kujambula mphindi imodzi yopanda wolankhula. Timangoti zii. Chipinda chilichonse chili ndi zii wakewake, ndipo ndi amene timamatira mipata ya pakati pa mawu tikamalumikiza filimu. Popanda iyeyo mawu amadukaduka ngati wailesi yotha mabatire.

Tsiku la bokosilo, zii sindinajambule. Ometa anali atatopa, mapazi atatupa, ndipo anandiuza kuti, "Mwanangu, kukhala chete ndidzakhala mokwanira kutsogoloku. Lero ndisiye ndikadye." Tinaseka, ine n'kukulunga zingwe zanga. Patatha milungu itatu anamwalira.

Titayamba kulumikiza, gawo lomaliza linakana. Ndinayesa zii wa zipinda zina, koma ankamveka kuti ndi wobwereka. Amalume anamvetsera kawiri, n'kupukusa mutu.

"Gawoli tilichotse. Filimu ithere pamene Imfa ikugogoda."

"Ayi amalume, sitichotsa."

"Ndiye anthu amve zodukadukazi?"

Ndinakwiya, koma ndinkadzikwiyira ndekha. Kulakwa kunali kwanga, komanso pamaliro ndinali nditawalonjeza mayi aja, akazi a Ometa, kuti adzawaona amuna awo akudzuka m'bokosi, holo yonse ikuseka. Ndinati zivute zitani, ndibwerera m'chipinda chomwecho kukatenga mphindi yanga.

Chipindacho chinali chosungiramo matabwa, kuseri kwa shopu ya kalipentala. Tinapita Lachiwiri cha m'ma 2 koloko. Mayi aja anaumirira kutitsatira, akuti akaone pamene amuna awo anafera koyamba. Kalipentala anazimitsa makina ake, n'kupita kukamwa tiyi. Bokosi linali pomwe tinalisiya, fumbi lili mbuu pamwamba.

Ndinaimika maikolofoni, n'kuvala mahedifoni.

"Zii," ndinatero.

Munthu wozolowera amamva mpweya wa aliyense. Wa amalume unkalira kakhweru m'mphuno. Wa mayi unali waufupi. Wanga ndinkaudziwa. Kenako ndinamva wachinayi. Unali wapansi, wodekha, wochokera cha kumawondo kwanga. Fungo la utuchi linachoka, m'malo mwake kunabwera la sipiliti, uja amapaka munthu akamaliza kumetedwa.

Ndinaimitsa makina.

"Chavuta n'chiyani?" amalume ananong'ona.

"Pali kaphokoso."

Ndinasuzumira kuseri kwa matabwa, mwina mphaka. Kunalibe. Ndinatsegula bokosi. Munali pilo yekha, wolowa pakati. Ndinatsekanso, koma mtima sunabwerere m'mbuyo.

"Tonse tituluke," ndinatero. "Maikolofoni itsale."

Ndinadutsitsa chingwe pansi pa chitseko. Tinaima panja atatu, dzuwa likutiwotcha m'khosi. Ndinayatsa makina. M'chipindamo munalibe munthu.

Kanyale kosonyeza mawu kanakwera. Kanatsika. Kanakweranso.

Amalume anakaona.

"Fufuta," anatero.

"Sindifufuta."

"Iwe, ndati fufuta."

"Atsala masekondi makumi anayi, amalume. Khalani chete."

Chibadwire sindinawalankhulepo choncho, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Koma anakhala chete. Ndinaima nji, maso pa wotchi, thukuta likutsikira m'maso, mpweya uja ukulowa ndi kutuluka m'makutu mwanga. Mantha ndinali nawo, sindikubisa. Mphindi itakwana ndendende, ndinadina batani.

Mayi aja anatambasula dzanja. Ndinawaveka mahedifoni pamwamba pa duku, n'kuwabwezera poyambira. Anamvetsera atatsinzina mpaka kumapeto.

"Agonera kumanzere," anatero motsitsa mawu. "Akanagonera kumanja bwenzi mukumva mkonono."

Anandibwezera mahedifoni, n'kupitiriza.

"Ntchito sankaisiyira panjira bambo amenewa. Ikani m'filimumo."

Ndinaika. Zii ameneyo analowa m'mipata yonse bwinobwino, osasiya msoko. Amalume, amene ankati tifufute aja, ndi amenenso anati mphindi yonseyo ikhale yathunthu, kamera ili pa bokosi, Ometa asanadzutse mutu. Gawo lomaliza silinachotsedwe.

Filimuyo makanema akuluakulu anaikana, akuti nkhalamba sizikopa anthu. Timaionetsa m'kaholo kena Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, chaka chino n'chachisanu. Ili ndi anthu akeake. Amabwera atadzipaka choko kumutu, atagwira ndodo, ndipo mawu onse anawaloweza, amayankhira limodzi ndi osewera mpaka kukugonthetsa m'kutu. Koma ikafika mphindi ija, holo yonse imangoti zii. Sitinawauzepo kanthu. Mayi aja saphonya, mpando wawo uli pafupi ndi sipika ya kumanzere.

Chaka chatha woonetsa filimu m'holomo anandikokera pambali.

"Achemwali, mphindi yanu ija mukumaiwonjezera?"

Ndinamuseka. Filimuyo ili pa kompyuta yanga, ndipo sindinaikhudzepo chiyimalizireni. Komabe mwezi wotsatira ndinabwera ndi wotchi. Inakwana masekondi makumi asanu ndi limodzi kudza asanu ndi awiri. Kunyumba ndinawerenga mpweya umodziumodzi. Chiwerengero sichinasinthe, khumi ndi anayi monga kale. Koma mipata yapakati ikutalika. Mwezi uno aonjezekeranso masekondi anayi.

Amalume anati ndijambule zii wina, ameneyu timuchotse zisanafike poipa. Ndinawauza kuti ndikadali moyo palibe adzagwire gawo limenelo. Koma mayi aja sindikanawabisira. Anthu atatuluka ndinakhala pambali pawo, n'kuwafotokozera zonse, masekondi ndi mipata yomwe. Ndinkaopa kuti alira.

Anandiyang'ana ngati ndawauza zachibwana, n'kuyamba kufufuza ndodo yawo pansi pa mpando.

"Ine ndinamva kalekale," anatero. "Akukalamba, mwanangu. Umafuna azipuma ngati mnyamata?"