Magazi Pansi pa Nsanja ya Oimba

Benard ndi Jestina anakhala m'banja ku Bapong, ku Joni, zaka makumi awiri ndi zisanu popanda kutukwanizana. Mwana Mulungu sanawapatse, koma Benard, tchona wa ku Ntcheu amene anapuma ntchito ya mumgodi, sanamunyozepo mkazi wake.

Bwalo lakale la mpira ku Rustenburg litayamba kukonzedwa kuti likhale malo a zoimbaimba, onse awiri anapezako ntchito. Benard ankalondera pageti, Jestina ankaphikira amisiri. Ankakwera minibasi imodzi, kuseka njira yonse.

Kenaka kunabwera Zikani, wowotcherera zitsulo wa zaka makumi atatu, wa ku Balaka. Jestina anayamba kumuikira nyama yambiri. Masana ankasowa, n'kutulukira kuseri kwa mipando yogumulidwa, maso ali psuu.

Linnet, mnzake wophika naye, ndiye ananong'oneza Benard. "Madala, inu mukulondera geti, kwanu mbala ikulowa dzuwa likuswa mtengo."

Nsanje ili ndi maso akuthwa, koma makutu ilibe.

"Mnyamata uja ndi ndani wako?" Benard anakalipa atafika kunyumba.

"Abambo, ndipatseni masiku ochepa, ndikuuzani zonse."

"Masiku? Imvi zonsezi undivule pamaso pa anthu?"

Jestina anangolira. Akanangotsegula pakamwa tsiku limenelo!

Lachinayi m'mawa Benard anawapeza pansi pa nsanja ya oimba, Jestina akupukuta Zikani thukuta ndi chitenje chake. Benard anatola nyundo ya amisiri. Zikani anatembenuka akumwetulira, n'kuvula chisoti mwaulemu.

"Wawa, ababa..."

Benard anamumenya kamodzi kokha.

Jestina anadzigwetsa pa mtembo. "Mwandiphera mwana! Mwana wanga wobereka ndekha!"

Kukhoti Jestina anafotokoza zonse. Anabereka Zikani ali mtsikana wa sukulu, makolo n'kumulanda khandalo, kulipereka kwa azakhali ku Balaka. Zikani atakula anafunafuna amayi ake ku Joni zaka zinayi.

Kenaka mayiyo anayang'ana mwamuna wake. "Ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ine ndinaberekapo, muzindikira kumene kuli vuto m'nyumba mwathu. Ndinkakutetezani inu. Iye ankandikakamiza tsiku ndi tsiku kuti abwere Lamlungu adzakugwadireni, azikutchulani bambo."

Benard anagwira chitsulo cha kutsogolo kwake. Woweruza anamulamula kukakhala kundende zaka makumi awiri. Sanapemphe kuti amuchepetsere. Anangofunsa ngati maliro anafika bwino ku Balaka, koma Jestina anali atatuluka kale.

Mkazi anabisa chifukwa cha chikondi, mwamuna anakantha asanamve. Chinsinsi ndi nsanje zikagona nyumba imodzi, amene amalowa m'manda ndi wosalakwa.