Mitengo Imene Tamandani Anachotsa

Kunyumba kwa a Wilson ku Chiosya tsiku linkayamba ndi pemphero. Iwo ndi akazi awo, a Anasi, anali matenanti pa esiteti ya fodya. Analibe zambiri, koma pakhomo pawo sipankapezeka chinthu cha eni. Ana anali awiri. Wamkulu anali Esitele, amene mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira kamtsikana. Wamng'ono anali Tamandani, mnyamata wamphamvu amene anali atangomaliza Fomu 4.

Esitele ankagwira ntchito yotunga madzi ku Kamwendo, pamene kampani ina inkamanga nyumba yosanjikiza ya masitolo. Iye ndiye anakachonderera kapitawo kuti alembe mlongo wake. Tamandani akunyamuka, bambo ake anamuperekeza mpaka kumsewu.

"Ntchitoyi waipeza chifukwa cha mbiri yabwino ya mlongo wako," anatero a Wilson. "Chimene akupatsa kuti ugwirire ntchito si chako. Ndipo akamakuphunzitsani, uzimvetsera."

"Ndamva, bambo."

Lachitatu lililonse m'mawa kunkabwera Mayi Millicent, oona za chitetezo cha antchito. Ankasonkhanitsa onse, amisiri ndi aganyu omwe, n'kuwaphunzitsa. Ankati chisoti chisachoke kumutu ngakhale kutenthe bwanji, munthu asadutse pansi pa katundu amene akukwezedwa, ndipo asakwere nsanja asanaigwedeze kuti aone ngati yalimba. Ankalankhula mosakweza mawu, ndipo pomaliza ankati, "Ukaona choopsa, nena. Ngakhale wachititsa ndiwe, nena. Tidzakangana pambuyo, anthu ali moyo."

Poyamba Tamandani ankakhala kutsogolo. Zinasintha atadziwana ndi Dalitso, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene ankaima pasiteji moyang'anana ndi malo a ntchitowo.

"Aise, chisoti chakocho n'chabwino," anatero Dalitso tsiku lina. "Undigulitse. Kutali chimaoneka ngati cha njinga."

"Si changa. N'cha kampani."

"Kampani ili nazo zodzaza chipinda. Ukangonena kuti chasowa, akupatsa china."

Zinayendadi choncho. Kapitawo anamukalipira pang'ono n'kumupatsa china. Tamandani anaona kuti palibe chachitika, ndipo sabata yotsatira anatulutsa misomali m'chikwama cha chakudya. Kenako waya. Kenako fosholo. Zonse Dalitso ankazipezera msika. Lachitatu likafika, Tamandani ankaima kumbuyo kwa gulu n'kumasewera ndi foni, mwinanso kuzemba kukamwa tiyi kusiteji.

Esitele anamukokera kuseri kwa mulu wa njerwa.

"Tamandani, anthu ayamba kulankhula. Zinthu zikusowa, ndipo iwe sukuchoka kwa Dalitso uja."

"Achemwali, inu tungani madzi anu. Za ine zisiyeni."

"Ndinakuchitira umboni kwa akapitawo ndi pakamwa pangapa."

"Ndiye mukufuna ndizikuthokozani tsiku lililonse?"

Esitele anasenza ndowa yake n'kumapita.

Tamandani atapita kumudzi kumapeto a mwezi, bambo ake anayang'ana nsapato zake zatsopano ndi jekete, kenako anamuyang'ana kumaso.

"Ganyu yonyamula njerwa imagula zonsezi?"

"Ndimagwiranso tina ndi tina tapadera, bambo."

"Ngati tapaderato n'toti sungatitchule pamaso pa amayi ako, tisiye lero. Ine sindikhala nawe ku Kamwendo, koma Mulungu ali komweko."

Tamandani anavomera ndi mutu, maganizo ali kwina.

Makoma apansi atatha, inafika nthawi yothira silabu, denga la konkire limene limakhalanso pansi pa zipinda zam'mwamba. Akalipentala anayala matabwa, ndipo pansi pake anaimika mitengo ya bulugamu yowongoka bwino, yothithikana ngati nkhalango, kuti ichirikize kulemera konse. Lachitatu la sabata imeneyo Mayi Millicent anaima pakati pa mitengoyo, dzanja lili pa umodzi.

"Mukathira konkire, mawa lake pamwamba paoneka pouma," anatero. "Musanyengeke. M'kati imakhala ikadali yanthete, ndipo imatenga masabata kuti ikhwime. Pakadali pano chimene chanyamula silabu ndi mitengo iyi. Aliyense asachotse ngakhale umodzi, asausunthe n'komwe, mpaka injiniya atalamula."

Tamandani anamva. Anali kumbuyo, koma anamva mawu onse.

Konkire anaithira Lachisanu. Loweruka Dalitso anamupeza pamsika.

"Pali mkulu wina wa ku Mlonyeni akumanga chigafa cha fodya. Akufuna mitengo yowongoka, ndipo alipira pompopompo. Kwanuko yangodzaza."

"Imeneyo ayi. Anatiuza kuti yanyamula silabu."

Dalitso anaseka. "Aise, lero m'mawa ndaona anthu akuyenda pamwamba pake. Konkire ija yasanduka mwala. Mayi aja amalipidwa kuti azikuopsezani. Pa mitengo yonse ija, ukachotsa yowerengeka, silabu ingadziwe?"

Lamlungu masana, anthu ali kutchalitchi, Tamandani anafika ndi ngolo ya ng'ombe. Anauza mlonda kuti kapitawo wamutuma kuti atenge mitengo yotsala apititse kumalo ena a ntchito. Mlonda ankamudziwa, ndipo anatsegula geti. Tamandani analowa m'chipinda chakumbuyo, chimene anthu sankapitako kawirikawiri, n'kuyamba kugogoda mitengo yapakati ndi hamala. Woyamba unavuta kuchoka. Atauchotsa, matabwa a m'mwamba analira pang'ono. Anaima n'kumvetsera, koma sanamvenso kanthu. Anapitiriza mpaka ngolo inadzaza theka, ndipo yotsalayo anaisuntha pang'ono kuti mpata usaoneke.

Lolemba m'mawa kapitawo anatanganidwa ndi lole ya simenti imene inatitimira pageti. Analamula amayi otunga madzi kuti akwere akathirire silabu, monga zimayenera kuti konkire isang'ambike ndi dzuwa. Anyamata anakweza mgolo waukulu pamwamba n'kuuika mbali yakumbuyo, ndipo amayi anayamba kuudzaza.

Tamandani ankasakaniza matope pafupi ndi makwerero. Anaona kuti mgolowo waikidwa pamwamba penipeni pa chipinda chimene anachotsamo mitengo. Esitele anadutsa ndi ndowa pamutu.

"Achemwali," anatero.

Esitele anaima, phazi limodzi lili pamakwerero. "Ndi chiyani?"

Kapitawo anali chapafupi. Mlonda anali pageti. Tamandani anaganiza za apolisi, za nkhope ya bambo ake, ndiponso za mawu a Dalitso oti konkire yasanduka mwala.

"Palibe. Pitani."

Esitele anakwera. Anatsanulira madzi mumgolo, ndipo potembenuka silabu inatsika pakati ngati mphasa yonyowa. Matabwa anathyoka, mgolo unagudubuzika, ndipo mbali yonse yakumbuyo inagwera m'chipinda muja. Amayi ena awiri analumphira kukhoma n'kupulumuka ndi mabala. Esitele anapita pansi pamodzi ndi konkire.

Anamufukula ndi manja ndi mafosholo. Mutu unatetezeka chifukwa anali atavala chisoti chake atangotula ndowa, koma chibuma cha konkire chinamupsinja mwendo wakumanzere. Anamunyamula pa lole yomwe ija ya simenti kupita naye kuchipatala cha kuboma. Madokotala anayesetsa, koma mwendowo anaudula m'munsi mwa bondo.

Mayi Millicent anafika masana. Anayenda m'zigumukiremo mwakachetechete, naona malo amene mitengo inaima kale koma mitengoyo palibe. Anafunsa mlonda, ndipo mlonda ananena zonse zimene anaona Lamlungu.

Pamenepo n'kuti Tamandani atathawira kale kusiteji. Anapeza Dalitso akumanga chikwama kumbuyo kwa njinga.

"Ine ndikuwolokera ku Zambia, ndili ndi abale kumeneko," anatero Dalitso. "Ngati ukufuna, kwera. Koma dzina langa usalitchule. Mitengo unachotsa wekha."

Tamandani anayang'ana mpando wa njingayo kwa nthawi. Kenako anatembenuka n'kuyamba ulendo wapansi wopita ku Chiosya. Anapeza amayi ake atapita kale kuchipatala, bambo ake akutseka chitseko kuti awatsatire. Anagwada pabwalo n'kuwauza zonse, kuyambira pa chisoti. Ananenanso kuti anamuitana Esitele pamakwerero, n'kumulola kukwera.

A Wilson anakhala pakhonde. Sanamumenye, sanakuwe.

"Kuba kwakoko n'tchimo, ndipo ndinakuchenjeza," anatero. "Koma unali ndi mpata woti utsegule pakamwa, ndipo unasankha kudzipulumutsa wekha. Dzuka. Tipita kupolisi limodzi, ukanene wekha asanabwere kudzakutenga. Tikachoka pano tiyambira kuchipatala."

M'chipinda cha odwala, Esitele anali atatsitsimuka, nkhope itatuwa, a Anasi atakhala pambali pake ndi mdzukulu pamiyendo. Tamandani anaima kumapazi a bedi, maso ali pamene nsalu yofunda inaphwa, pomwe panali mwendo. Analankhula movutikira, ndipo Esitele anamvetsera mpaka kumapeto.

"Unandiitana," anatero Esitele. "Ndikukumbuka."

"Ndikhululukireni, achemwali."

"Ndidzakukhululukira, chifukwa Ambuye amafuna choncho. Koma lero sindingathe. Ndikuganiza za mwanayu, kuti ndimudyetsa chiyani popeza ndowa sindidzasenzanso. Pita ndi bambo."

Bwalo la milandu linamupeza wolakwa pa kuba ndi kuvulaza anthu mosasamala, ndipo anapita kundende. Kumeneko anayamba kupemphera moona mtima, ndipo atatuluka anabwerera ku Chiosya n'kumalima munda wa mlongo wake pamodzi ndi wa makolo. Patapita nthawi Esitele anayambanso kumulankhula. Masiku ano amayendera ndodo ndipo amagulitsa mtedza pakhomo. Mwendo wake sunabwerere.

Inu achinyamata amene mukuyamba ntchito, Tamandani sanadzuke tsiku limodzi n'kuganiza zolumalitsa mlongo wake. Anayamba ndi kanthu kakang'ono kamene sanagwidwe nako, ndipo atazolowera kutenga za eni, anazoloweranso kunyoza malangizo. Malamulo a chitetezo pa ntchito amasunga moyo wa munthu amene ali pafupi nanu, ndipo nthawi zambiri wovulala si amene anawaphwanya. Musabe. Mverani okuphunzitsani. Ndipo ngati mwalakwa kale, ululani mwamsanga, munthu wina asanakwere pamene mwafooketsa. Mulungu amakhululuka, koma zimene tchimo lawononga zina sizikonzeka.