Timapepala ta a Sydney

A Terence, bwana wa pa kampani ina yolemba mapulogalamu a kompyuta a m'ndege ku Salford, ku Mangalande, ananamizira munthu wakufa. Anauza akuluakulu a kampani kuti malemu a Sydney ndiwo anavomereza pulogalamu yoyeza mafuta m'ndege, chonsecho inali italephera mayeso. Ankadziwa kuti wakufa sayankha.

Kalata ya ku kampani inawapeza mayi Clara, akazi a malemuwo, kunyumba kwawo ku Bolton. Inati Lachinayi komiti ikhala pansi, ndipo pakapanda wotsutsa, dzina la a Sydney lilembedwa kuti ndiwo olakwa.

"Terence ameneyu anabwera pamaliro ndi tayi yakuda, n'kudya mandasi anga anayi!" mayi Clara anakalipa okha m'khitchini.

Loweruka masana kunafika Halima, mtsikana wa ku Mangochi amene a Sydney anamuphunzitsa ntchito. Anawapeza akutulutsa ndiwo m'firiji. Pa chivindikiro chilichonse panali kapepala ka dzanja la malemu. Halima anawerenga kamodzi mokweza: "Nyemba, 9 Januwale, waphika Clara."

"Usaseke, iwe," anatero mayi Clara. "Zaka makumi awiri tikukangana za timapepalati. Ndinkawauza kuti bambo, m'nyumba muno si m'chipatala. Iwo ayi, ngakhale therere lizikhala ndi dzina."

Halima anaseka, misozi ili mbwee.

"Mayi, kuntchitonso anali otero. Kale malipoti tinkalemba pamanja, wina kukopera molakwika, wina kuiwala. A Sydney anakonza zoti zotsatira za mayeso aliwonse zizikhala ndi kapepala kake m'kompyuta: tayesa chiyani, wayesa ndani, tsiku liti, yapambana kapena yalephera. Kompyuta imawerenga timapepalato n'kulemba yokha lipoti. Wina akasintha kanthu, imamulemba dzina."

"Lankhula zomveka, mwana wanga. Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi."

Halima anatulutsa pepala m'chikwama n'kuloza mizere iwiri. Woyamba unati: yalephera, Sydney, 12 Febuluwale. Wachiwiri unati: yapambana, Terence, 6 Malichi.

Mayi Clara anatera pampando.

"Pa 6 Malichi? Amuna anga anali atagona kumanda sabata ziwiri! Anadzuka kudzasintha?"

"A Terence ankathamangira kupereka ntchito pa nthawi yake. Njira ya a Sydney ankainyoza kuti ndi yotaya nthawi, ndiye sanaiphunzire. Sankadziwa kuti kompyuta ikuwalemba dzina." Halima anazyolika. "Mundikhululukire, mayi. Ndinaziona Lolemba, koma ndakhala chete sabata yonse. Ndi bwana wanga. Ndimaopa ntchito."

"Kuopa ndi kwa aliyense. Nanga wabwereranji?"

"Ndegeyo idzanyamula anthu. Komanso a Sydney sanandibisirepo kanthu."

Lachinayi Halima anaima pamaso pa komiti n'kutsegula kompyuta. Sanalankhule zambiri. Mizere iwiri ija inakwanira. Pulogalamu inabwezedwa isanalowe m'ndege iliyonse, a Terence anauzidwa kusiya khadi lawo la ntchito pachipata n'kumapita, ndipo dzina la a Sydney linayera.

Tsiku lotsatira mayi Clara anakazinga mandasi, n'kudzaza kontena. Anasakasaka m'dirowa mpaka anapeza timapepala totsala ndi cholembera cha malemu. Anayang'ana chithunzi cha amuna awo pakhoma.

"Mwapambana, bambo. Musanyade."

Ndipo analemba pang'onopang'ono, zilembo zokhota: "Mandasi, 28 Malichi, waphika Clara, adye Halima yekha." Anavala jekete n'kupita kukakwera basi, ulendo wa kwa Halima.

Tsono inu mukuwerenganu, musangotseka buku. Mizere iwiri ija ikanakhala m'manja mwanu, bwana ali pamwamba panu, wakufa ali pansi, mukanakwera basi ya ku Bolton ngati Halima kapena mukanakhala phee? Ndiyankheni.