Musameze, Mayi

Mphuno anagwa Lachisanu nthawi ya 3 koloko masana, tambula ili m'manja.

Mkuluyu ndiye ankalawa vinyo pasitolo ya mayi wina wamasiye, ndipo dzinali analipata chifukwa mphuno yake sinkanama. Lachisanu lililonse ankatseka sitolo kwa ola limodzi n'kukhala atatu patebulo lakuseri: Mphuno, mayiyo, ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu amuna ake. Aliyense ankakhala ndi tambula ndi kakapu kolavulira. Mphuno ankalavula nthawi zonse, poti ndiyo ntchito. Mayiyo ankameza yekhayo amene wamukomera. Mlamuyo anthu ankangomuti Sataya. Kwa iye kulavula vinyo kunali tchimo, ndipo kakapu kake kankabwerera kusinki kali kouma.

Sataya ankasekasekera, koma kumtima anali ndi chibaluwa chimene mkulu wake anasiya. Chinkati sitolo ndi ya mkazi wake, ndipo mng'onoyo adzaitenga pokhapokha mkaziyo atamwalira.

Tsikulo ankalawa vinyo wofiira wa mphesa za ku Italiya zotchedwa Sanjoveze, wosaboola m'thumba koma wokoma ngati wa mabwana. Mayiyo anali atamulawapo kwa ogulitsa, ndipo sabata yonse pakamwa pake panali pomwepo: kafungo ka zipatso zakupsa, kowawasa pang'ono, kenako lilime n'kuuma ngati wamwa tiyi wopanda shuga. Ngakhale mwana akanadziwa kuti ameneyu mayi ameza.

Sataya ndiye anatsegula botolo. Mayiyo anali akununkhizabe pamene Mphuno, atazunguza vinyo m'kamwa nthawi yaitali monga mwa chizolowezi chake, analavula n'kumenya tambula ya mayiyo. Inasweka pansi.

"Musameze, mayi," anatero. Kenako anagwa pomwepo.

Ambulansi itapita, kunafika wapolisi wofufuza, mayi wamfupi wosaseka. Anaunika chitsekero cha botolo pawindo. Pakati pake panali kabowo ka singano.

"Wina wabaya ndi jakisoni. Makiyi a kosungira katundu ali ndi ndani?"

"Ine, alamu angawa ndi a Mphuno," anatero mayiyo.

"Fufuzani kwa ogulitsa," anatero Sataya. "Anthu a masiku ano ndi afiti."

Wapolisiyo ananyamula kakapu kamodzi, vinyo ali m'kati.

"Aka n'kandani?"

"Ka a Mphuno."

"Nanga kena kali ndi vinyoka?"

"Kanga," anatero Sataya.

Apolisi anatenga botolo, katoni yonse ya vinyoyo ndi timakapu, n'kulunjika kuchipatala.

Pofika 5 koloko mayiyo anali akusesa magalasi osweka. Ali chiweramire, tsache linaima lokha. Timakapu tiwiri tinali ndi vinyo. Kake kanali kouma, poti sanalawe n'komwe. Ndiye kuti Sataya analavula.

Kumbuyo kwake mayiyo anamva kiyi akuzungulira pachitseko cha kumsewu.

Sataya atakiya, anabwera ndi botolo lina la Sanjoveze yemweyo, lotsegula kale, n'kumuthirira m'tambula ina. Foni ya mayiyo, imene inali pakauntala, anaiika m'thumba mwake ngati yake.

"Mukunjenjemera, alamu. Khalani pansi. Imwani kaye, mtima utsike."

"Sindikufuna, alamu."

"Ili linali muofesi, silinagwidwe ndi munthu. Kapena mwayamba kundikayikira?"

Mayiyo anakhala. Anachita mantha kuposa tsiku limene anaika mwamuna wake m'manda. Chitseko chakuseri chinali ndi loko, ndipo Sataya anali ataima pakati pa iye ndi msewu. Chimene anatsala nacho ndi zimene Mphuno anamuphunzitsa. Anakweza tambula n'kuyang'ana mtundu wa vinyo pakuwala. Anaizunguza. Ananunkhiza. Anaizunguzanso.

"Vinyo samuthamangira, alamu. A Mphuno amati azipuma kaye."

"Wapuma mokwana."

"Inu simumwa?"

"Ndikuyendetsa galimoto. Imwani."

Mawuwo analibenso nthabwala. Sataya anasendera, dzanja lake n'kugwira kumsana kwa mpando. Mayiyo anaika tambula pamlomo, mano atalumana. Kafungo kaja kanali komweko, kokoma ngati kale, ndipo ndi kamene kanamuopsa koposa.

Pagalasi la chitseko panagogoda munthu. Anali wapolisi uja ndi anzake awiri.

Sataya anatsegula akumwetulira, koma wapolisiyo anamudutsa n'kulanda tambula m'manja mwa mayiyo.

"A Mphuno atsitsimuka," anatero. "Kulavula kwawapulumutsa. Ndawafunsa amene akumukayikira, iwo m'malo moyankha andifunsa za timakapu. Galu wamkota sakandira pachabe. Akuti zaka khumi ndi ziwiri sanakuoneni mukulavula, bambo."

"M'mimba simunali bwino lero."

"Pepani. Nanga vinyo uyu?"

"Wabwinobwino. Ndimafuna alamuwa akhazike mtima pansi."

Wapolisiyo anamupatsira tambulayo.

"Ndiye imwani. Ndamva kuti simutaya."

Sataya anailandira. Anayang'ana vinyo, n'kuyang'ana chitseko, pamene panaima apolisi awiri aja. Anaika tambula patebulo pang'onopang'ono. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Unyolo unalira. Jakisoni anamupeza m'galimoto ya Sataya, pansi pa mpando, pamodzi ndi kabotolo ka poizoni. Khoti linamupatsa zaka makumi awiri.

Mphuno anabwerera pantchito patatha mwezi, atawonda koma mphuno ili yomweyo. Sanjoveze uja anayenda malonda kuposa vinyo wina aliyense m'sitolomo, ndipo mayiyo amamutamabe kwa aliyense wolowa. Lachisanu akakhala awiri patebulo lakuseri, amakweza tambula, kununkhiza, kulawa, maso n'kutsinzina chifukwa cha kukoma. Kenako dzanja limapita lokha pakakapu.